Mabuku a ndege amene ndinatumizira mng'ono wanga

Uthenga unalowa pa WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku, magetsi atazima, foni ili pa 9 peresenti. "Achimwene, munditumizireko mayina a mabuku anu aja a ndege zankhondo. Onse." Popanda moni, popanda kufunsa ngati ndadya. Mng'ono wanga ndi wotero, akafuna chinthu amangolunjika ngati minibasi yoti yadzaza kale.

Mnyamatayu ali ndi zaka 19. Analemba mayeso a MSCE chaka chatha, masamu ndi fizikisi anakhoza bwino kuposa mmene ndinakhozera ine, ndipo pano akuthandiza pa galaji ina kwathu ku Lunzu kukonza njinga zamoto za akabaza. M'mawa mwake, ndisanamuyankhe n'komwe, amayi anaimba foni. Nawonso sanachedwe ndi moni. "Mng'ono wakoyu akuti akufuna kulowa usilikali kuti azikayendetsa ndege. Unamuyambitsa ndiwe zimenezi, ndiye umuletse wekha." Chichitikireni ngozi ija ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, amayi akamva mawu akuti ndege amangogwira pachifuwa. Sindinawatsutse, chifukwa mlanduwo ndi wangadi.

Ndili fomu 2 ndinagula buku lopanda chikuto pa mulu wa mabuku a kaunjika m'mbali mwa msewu ku Limbe, pa mtengo wa mandasi atatu. Masamba oyambirira anali atathothoka, moti ndinatha chaka chathunthu osadziwa dzina la bukulo kapena mwini wake. Ndinkangodziwa kuti muli mzungu wina wamtali kwambiri amene ankavutika kupinda miyendo kuti akwane m'kandege kakang'ono. Usiku ndinkamuwerengera mng'ono wangayo ndi tochi, ndikumasulira m'Chichewa mmene ndikanathera, iye ali kamwana ka zaka zisanu. Masana ndinkamupangira ndege za mapesi ndi waya. Nditapita ku koleji ku Zomba, nthawi imene anzanga ankawerengera mayeso ine ndinali kuseri kwa mashelefu a mbiri yakale, kusakasaka anyamata amene anamenya nkhondo m'mwamba. Pa holide nkhanizo ndinkabwera nazo kunyumba. Ndinkafesa osadziwa kuti ndikufesa.

Ndinakhala masabata awiri osamuyankha. Sikuti mayinawo ndinaiwala ayi. Chinandigwira n'chakuti nditayamba kuwalemba papepala, pambali pa dzina lililonse ndinkalembanso zaka zimene munthuyo anali nazo poyamba kuuluka kapena pofa, ndipo ndinaona 17, 20, 23, 23, 25. Kale ndikuwerenga mabukuwa, anthu amenewa ndinkawaona ngati akuluakulu, paja ine ndinali mwana. Lero ndawapitirira, ndipo ena a iwo sanafike n'komwe pa msinkhu wangawu. Ndi anzake a mng'ono wanga.

Kumuletsa sindingathe. Munthu wa zaka 19 saletsedwa ndi mchimwene wake wokhala ku Lilongwe amene amabwera kumudzi pa Khirisimasi pokha. Chimene ndikanatha n'kumupatsa mabukuwo onse, okoma ndi owawa omwe, n'kumuuza poyambira ndi pomalizira. Nawa mmene ndinamuyalira.

Loyamba ndi Sagittarius Rising la Cecil Lewis, limene linatuluka mu 1936. Ngati munthu angawerenge buku limodzi lokha la ndege za pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, likhale limeneli. Lewis ananama zaka zake n'kulowa gulu la ndege la asilikali a Britain, la Royal Flying Corps, mu 1915 ali ndi zaka 17. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme m'dziko la France, iye anali m'mwamba m'mamawa, ndipo anaona ndi maso ake nthaka ikuphulika pafupi ndi mudzi wa La Boisselle, pamene asilikali a Britain anali atakumba mapanga pansi pa ngalande zobisalamo Ajeremani n'kudzazamo zophulitsa. Tsiku limenelo lokha asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. Lewis anali pamwamba pa zonsezo, ngati munthu woyang'ana nyerere zikuwoloka njira.

Chimene ndimalikondera bukuli n'chakuti silibisa kukoma kwa kuuluka. Muli mitambo, muli kuzizira, muli dzuwa limene woyendetsa akulionabe pamene pansi pada kale. Sindikufuna kumunamiza mng'ono wanga kuti chimene akuchilakalakacho n'chachabechabe, chifukwa si choncho, ndipo akanandigwira bodza. Koma m'buku lomwelo mayina amangosowa. Munthu mwadya naye nkhomaliro pa tsamba ili, pa tsamba linalo mpando wake uli wopanda munthu. Lewis anali nawo pa ulendo wa pa 7 Meyi 1917 umene Albert Ball, katswiri wa zaka 20, anapita osabwerako. Iye mwini anapulumuka, anakaphunzitsa anthu kuyendetsa ndege ku China, anakhala mmodzi wa oyambitsa wailesi ya BBC mu 1922, ndipo anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 98. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti akamawerenga azikumbukira kuti amene akumufotokozera nkhaniyi ndi wamwayi, ndipo amwayi anali ochepa.

Lachiwiri linalembedwa ndi munthu amene mwayiwo analibe. Ndi Flying Fury la James McCudden, ndipo ndinalisankhira iye makamaka chifukwa cha girisi amene sachoka m'zikhadabo zake. McCudden sanali mwana wa anthu olemera. Analowa gulu la ndege mu 1913 ngati makaniko, wopukusa pulopela ndi kukunga mawaya. Anakwera pang'onopang'ono, kuchoka pa sipanala kupita pa mpando wa wogwira mfuti, kenako n'kukhala woyendetsa. Injini ndi mfuti za ndege yake ya S.E.5a ankazisamala yekha, n'kumaisintha apa ndi apo kuti izikwera pamwamba kuposa za anzake. Anagwetsa ndege 57. Anafa pa 9 Julayi 1918 ali ndi zaka 23, osati ndi chipolopolo ayi, koma ndege yake itagwa ikungonyamuka kumene pa bwalo lina ku France. Bukulo anali atangomaliza kulilemba.

Powerenga mabuku awiriwa ndi pamene munthu amamvetsa kuti ndege za nthawi imeneyo zinali chiyani kwenikweni. Mafupa ake anali matabwa, khungu lake nsalu yopaka mankhwala oumitsa, zonse zogwirana ndi waya. Denga kunalibe, mutu wa woyendetsa unali pamtetete mphepo ikumuomba. Zina, monga Sopwith Camel, zinali ndi injini imene inkazungulira yonse pamodzi ndi pulopela, ndipo oilo wake anali mafuta a nsatsi, nsatsi yomwe ija imamera yokha kudzala kwathu. Mafutawo ankathovokera kumaso kwa woyendetsa ulendo wonse. Mphamvu ya injini yozungulirayo inkakokera ndege kumanja, moti ophunzira ambiri anafera pa bwalo lophunzirira asanamuone n'komwe mdani. Za nsatsizi nditadzamuuza mng'ono wanga anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti Boxer ya kabaza ndi yapamwamba kuposa pamenepo, eti achimwene?"

Lachitatu ndi No Parachute la Arthur Gould Lee, la mu 1968. Ndi makalata amene ankalembera mkazi wake mu 1917, pamodzi ndi zimene ankalemba m'kabuku kake ka tsiku ndi tsiku, zija zoti mkazi sangauzidwe. Dzina la bukuli ndiye nkhani yonse. Parachuti inalipo kale nthawi imeneyo, ndipo asilikali amene ankakwera m'mabaluni osuzumirira adani anali nayo. Koma oyendetsa ndege a Britain sanapatsidwe mpaka nkhondo inatha, pamene Ajeremani anayamba kupatsa awo mu 1918. Tangoganizani, thanki ya petulo ili pafupi ndi thupi lako, ndege ndi ya matabwa ndi nsalu, wina kumbuyoku akukuthira zipolopolo zoyaka. Ikagwira moto unali ndi njira ziwiri, kupsa kapena kudumpha chimanjamanja. Mu Epulo 1917 mokha a Britain anataya ndege zoposa 200.

Lee atakalamba, ali mkulu wopuma pa ntchito wa asilikali a ndege, anakafufuza m'mafayilo a boma kuti adziwe chifukwa chimene anzake anafera choncho, ndipo zimene anapeza anaziika kumapeto kwa bukulo: makomiti, kuzengereza, akuluakulu a m'maofesi akugamula za moyo wa anyamata amene ankauluka. Limeneli ndinaliika dala. Mnyamata akamalota yunifomu amaganiza za mdani amene ali kutsogolo. Saganiza za munthu wokhala pa desiki amene asaine, kapena asasaine, pepala logulira chida chimene chikanamupulumutsa.

Za Red Baron anafunsa yekha, paja ndi amene wadzaza m'mavidiyo a pa YouTube. Buku la Manfred von Richthofen lilipo, linatuluka mu 1917 nkhondo ili mkati, ndipo lomasuliridwa m'Chingerezi, The Red Battle Flyer, limapezeka ulere pa intaneti. Ndinamuuza kuti aliwerenge, koma ngati mmene timawerengera nyuzipepala ya chipani nthawi ya kampeni. Linatuluka kuti lilimbitse mitima ya anthu a ku Germany, ndipo linadutsa kaye m'manja mwa akuluakulu lisanasindikizidwe. Richthofen anakula akusaka nyama, ndipo za kugwetsa ndege amazikamba ngati mmene mlenje amakambira za nguluwe. Akagwetsa imodzi ankaitanitsa kakapu kasiliva kwa wosula wina ku Berlin, kolembedwa tsiku ndi mtundu wa ndegeyo, mpaka timakapu tinakwana 60 siliva n'kusowa m'dzikomo. Zonse pamodzi anagwetsa 80. Anaphedwa pa 21 Epulo 1918 ali ndi zaka 25. Ndili fomu 4 manambala amenewa ndinkawaloweza ngati zigoli za mpira. Sindinkaima n'kuganiza kuti m'ndege iliyonse munali munthu mmodzi kapena awiri, aliyense ndi amayi ake kunyumba akudikira kalata.

Za pa Nkhondo Yachiwiri ndinayamba ndi The Last Enemy la Richard Hillary, la mu 1942. Hillary anali mnyamata wa pa yunivesite ya Oxford, wooneka bwino, wodzimva, ndipo iye mwini sabisa zimenezo. Ankayendetsa Spitfire pa nkhondo ya m'mwamba yoteteza Britain. Pa 3 Sepitembala 1940 ndege yake inaomberedwa n'kuyaka, chivindikiro cha pamwamba pa mutu wake n'kukana kutseguka msanga. Mmene ankatuluka n'kugwera m'nyanja, nkhope ndi manja zinali zitapsa. Mbali yaikulu ya bukuli si ya m'mwamba ayi, ndi ya m'chipatala, makamaka ku East Grinstead, kumene dokotala Archibald McIndoe ankadula khungu pena pathupi n'kupangira anyamata zikope ndi milomo yatsopano. Hillary anakakamira kuti abwerere kukauluka ngakhale zala zake zinali zitapindika, ndipo anafa pa 8 Januwale 1943 akuphunzira kuuluka usiku, pamodzi ndi mnzake amene anali naye m'ndegemo. Zaka 23. M'mafilimu ndege ikagwa kamera imapita kwina. Bukuli limatsala ndi munthu uja wagwayo, miyezi ndi miyezi, mpaka tsiku limene akudziyang'ana pagalasi.

Nanga buku langa lija lopanda chikuto? Ndinadzalizindikira ndili fomu 3. Ndi Going Solo la Roald Dahl, la mu 1986, Dahl yemwe uja wa nkhani za ana. Ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Shell ku Dar es Salaam, ndipo nkhondo itayamba mu 1939 anayenda pa galimoto mpaka ku Nairobi kukalowa gulu la ndege la RAF. Mu Sepitembala 1940 anagwa ndi ndege m'chipululu cha kumpoto kwa Africa n'kuvulala mutu kwambiri, anachira, ndipo mu Epulo 1941 anali ku Greece akumenya nkhondo pa ndege ya Hurricane. Amanena kuti mwa anyamata 16 amene ankaphunzira limodzi ku Nairobi, 13 anafa m'zaka ziwiri zotsatira. Ndi buku losavuta, loseketsa, loti munthu atha kulimaliza Loweruka limodzi, ndipo mpaka lero ndimalikonda.

Koma nditaliwerenganso ndili ku koleji ndinaona chimene ndili mwana sindinkachiona. Anthu akuda alimo m'bukumo, inde, koma ndi ophika, osita zovala, osamala maluwa, asilikali oyenda pansi. Alipo Mdisho, wantchito wake, amene Dahl amamukonda ndithu, koma amamukonda ngati mmene bwana amakondera wantchito. Ndege ikanyamuka, ife timatsala pansi titatukula mitu. Zaka zonse zija ndinkadziika pa mpando wa woyendetsa, osazindikira kuti m'nkhani imeneyo malo anga anali kukhitchini.

Kuti mng'ono wanga asaganize kuti munthu wakuda sanaulukepo pa nkhondo zimenezi, ndinamulembera All Blood Runs Red la Phil Keith ndi Tom Clavin, la mu 2019, mbiri ya Eugene Bullard. Bullard anabadwira ku Georgia m'dziko la America mu 1895. Anathawa tsankho ali mnyamata pobisala m'sitima yapamadzi, anakhala wankhonya ku Ulaya, analowa usilikali wa France mu 1914, anavulala ku Verdun mu 1916, ndipo mu 1917 anakhala woyendetsa ndege zankhondo. Dziko lake litalowa nkhondoyo n'kuyamba kutenga oyendetsa a ku America amene ankaulukira France, iye anamusiya. Chakumapeto kwa moyo wake ankayendetsa chikepe m'nyumba ina yosanja ku New York, kukweza ndi kutsitsa anthu amene sankadziwa kuti iyeyu ndani. Anamwalira mu 1961. Udindo m'gulu la ndege la America anam'patsa mu 1994, atagona m'manda zaka 33.

Apa ndiyenera kunena za agogo athu aamuna, bambo awo a amayi. Mng'ono wanga sanawadziwe, anamwalira iye akukwawa. Anali msilikali wa KAR, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, kumene misewu inasanduka phala ndipo chakudya chinkachita kugwetsedwa ndi ndege. Ndili mwana, ndege ikamatsika kulowera ku Chileka ana tonse tinkathamangira pabwalo kukaibayibitsa. Agogo sankadzuka pa mpando wawo. Ankangopendeketsa mutu n'kumvetsera mpaka phokosolo litatheratu, kenako n'kupitiriza kuluka dengu lawo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anakwerapo ndege. Anati ayi, anapita pa sitima n'kubwerera pa sitima. Kenako anati, "Mdzukulu wanga, ndege ukaimva uzifunsa kaye kuti yanyamula chiyani. Ina imagwetsa mpunga, ina imagwetsa moto. Ukakhala pansi kulira kwake n'kumodzi." Ndinali ndi zaka 9 ndipo ndinkafuna kumva za mfuti, ndiye ndinangoti "oho" n'kuthamangira kumpira.

Buku limene linadzandimasulira mawu a agogowa ndi A History of Bombing la Sven Lindqvist wa ku Sweden. Ndi buku lachilendo, logawidwa m'tizidutswa 399 timene umawerenga modumphadumpha motsatira manambala. M'menemo ndi mmene ndinadziwira kuti bomba loyamba kuponyedwa kuchokera m'ndege pa nkhondo linagwera mu Africa. Pa 1 Novembala 1911, pasanathe n'komwe zaka 8 kuchokera pamene abale a Wright anaulutsa ndege yawo mu Disembala 1903, msilikali wa ku Italy dzina lake Giulio Gavotti anaponya ndi dzanja timabomba tinayi pafupi ndi mzinda wa Tripoli ku Libya. Apo n'kuti Nkhondo Yoyamba isanayambe. Itatha nkhondoyo, atsamunda anaona kuti kutumiza ndege n'kotchipa kusiyana ndi kutumiza chigulu cha asilikali. Mu 1920 ndege za Britain zinaphulitsa malinga a Mohammed Abdullah Hassan ku Somaliland. Mu 1922 ndege za South Africa zinaponya mabomba pa anthu a mtundu wa Bondelswarts, m'dziko limene lero ndi Namibia, anthu amene mwa zina ankakana msonkho wa agalu. Ndegezo zinali za mtundu womwe uja unatsala ku nkhondo ya ku Ulaya, ndipo ena mwa oyendetsa anali omwe aja anaphunzira ntchitoyi kumeneko. Mu 1935 ndi 1936 Italy inathira anthu a ku Ethiopia mankhwala a poizoni kuchokera m'ndege. M'mabuku a akatswiri aja mdani ali ndi dzina, ali ndi mtundu wa ndege yake, nthawi zina amamuika m'manda mwaulemu. Anthu a pansi alibe mayina.

Pambali pa limeneli ndinaika The Chiwaya War la Melvin Page, la mu 2000. Si buku la ndege ayi, ndipo n'chifukwa chake lili pa mndandandawu. M'zaka za m'ma 1970 Page anayenda m'midzi ya kuno kwathu kucheza ndi okalamba amene anaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaitcha ya chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolira mosalekeza. Zaka zomwe Lewis ankasirira mitambo ku France, amuna a kuno pafupifupi 200,000 anakhala amtengatenga, ambiri mochita kugwidwa, kusenza katundu wa nkhondo pamutu kulowera ku Karonga ndi kupitirira, ena n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondo yake ndi imodzi yomweyo. Zaka zinayi ndinkadutsa pa chipilala cha KAR ku Zomba ndili ndi buku la Spitfire m'chikwama, osaima n'komwe. Ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Lomaliza ndi Flight to Arras la Antoine de Saint-Exupéry, la mu 1942, mwini wake wa The Little Prince. Iyeyu sanali wogwetsa ndege, ntchito yake inali youluka pamwamba pa adani kukaona ndi kujambula kumene ali. Bukuli ndi la ulendo umodzi wokha, mu Meyi 1940, France ikugonja. Pa timagulu 23 touluka ta m'gulu lake, 17 tinali titatha m'masabata atatu. Akumutuma kukatenga uthenga umene iye akudziwa kuti palibe adzaugwiritse ntchito, koma akupitabe. Ndinalisungira kumapeto chifukwa uyu ndi woyendetsa amene amayang'ana pansi n'kuona anthu: misewu yodzaza ndi othawa nkhondo, ngolo, ana, nkhalamba, midzi ikuyaka. Anasowa pa 31 Julayi 1944 atanyamuka pa chilumba cha Corsica, ali ndi zaka 44, ndipo mu 1998 msodzi wina anakola chibangili chake m'khoka pafupi ndi Marseille. Ngati mng'ono wanga adzaulukedi, ndikufuna adzakhale ndi maso ngati amenewo, oti akamva injini yake yomwe azikumbukira kuti pansi pali wina wapendeketsa mutu.

Mwa mabuku onsewa, a pepala ndili ndi anayi okha: la Lewis, la Hillary, la Lindqvist ndi lija lopanda chikuto. Enawo ndinamulembera mayina kuti akafufuze ku laibulale kapena pa intaneti bandulo ikalola. Anayiwo ndinawakulunga m'jumbo, ndinaikamo kapepala kosonyeza loyamba ndi lomaliza, n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Blantyre kuti akamutsitsire pa Lunzu. Patapita masiku asanu ndinamuimbira. Kapepala kaja sanakawerenge n'komwe. Anayamba ndi la Lindqvist, limene ine ndinaliika chakumapeto, akuti chifukwa ndi limene linali pamwamba m'jumbomo.

"Achimwene, zoona zimenezi? Kuponyera anthu mabomba wamba choncho?"

"Zoona."

Anakhala chete. Kumbuyo kwake ndinkamva wina akuliza injini ya njinga, ikuzima, n'kulizanso.

"Komabe fomu ndikadzaza akalengeza."

"Ndikudziwa."

"Amayi akuti agogo ankanena zinazake za ndege. Akuti ndifunse inu."

Ndinamuuza mawu onse mmene ndikuwakumbukira. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Kenako mayunitsi anatha.

Amayi sanandikhululukirebe. Lamlungu lapitali anandiuza kuti anamupeza akuwerenga ndi tochi pakati pausiku, magetsi kulibe, m'mawa ali ndi ntchito ku galaji. Anati, "Ndinakutuma kuti ukazimitse moto, iwe wapita ndi nkhuni." Mwina akunena zoona, kaya. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti ndili ndi zaka zakezo ndinapatsidwa theka la nkhani, ndipo theka linalo ndinachita kulitola ndekha mochedwa, agogo atapita kale moti sindikanathanso kuwafunsa. Iye ndam'patsa lonse.

La Hillary sanalifike. Ndamuuza kuti akadzafika pa chipatala paja adzandiflashe, ndidzaimba ine.